Mamangidwe abwino a labotale angateteze ogwira ntchito ndi kupulumutsa magetsi ku Thyolo

Boma la Thyolo limadziwika ndi minda ya tiyi, koma lilinso ndi malo ofunika pa ntchito za sayansi. Ku Ndata kuli sukulu ya ukachenjede ya MUST yomwe idayamba kulandira ophunzira mu 2014, ku Bvumbwe kuli malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi, ndipo pachipatala chachikulu cha bomali pali labotale yoyezera magazi ndi makhololo. Malo onse otere ali ndi vuto limodzi: kodi mpweya wa m'labotale ungasamalidwe bwanji kuti ogwira ntchito akhale otetezeka popanda kuwononga ndalama zambiri pa magetsi?

Labotale imasiyana ndi ofesi. Mu ofesi, makina oziziritsa amatha kuzunguliza mpweya womwewo tsiku lonse. M'labotale, mpweya umatha kukhala ndi utsi wa mankhwala kapena tizilombo ta matenda monga chifuwa chachikulu, choncho umayenera kutulutsidwa kunja. Mpweya uliwonse wotuluka umafuna wina wolowa m'malo mwake, ndipo ngati chipindacho chili ndi makina oziziritsa, mpweya watsopanowo umayenera kuziziritsidwanso. Ichi n'chifukwa chake labotale imadya magetsi ochuluka kangapo kuposa ofesi ya kukula kofanana.

Nkhaniyi ndi yaikulu m'dziko muno chifukwa magetsi ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. Magetsi akathima, labotale yomangidwa popanda mawindo otseguka imatentha msanga ndipo mpweya woipa umangokhala momwemo. Zikatere ntchito imaima, apo ayi jenereta imayenera kulira, ndipo dizilo wake amagulidwa ndi ndalama zakunja.

Mwayi wa Thyolo ndi nyengo yake. Mbali yaikulu ya bomali ili pamalo okwera, ndipo miyezi yambiri kumakhala kozizirirapo poyerekeza ndi madera a kunsi kwa Shire monga Chikwawa ndi Nsanje. Nyumba yomangidwa moganizira nyengoyi imafuna makina ochepa. Mawindo aakulu asayang'ane kummawa kapena kumadzulo komwe dzuwa limalowa mwachindunji, denga likhale ndi khonde lalitali, malata akhale owala, ndipo pansi pake pakhale siling'i yotchinga kutentha.

Chachiwiri ndi kugawa zipinda malinga ndi ntchito yake. Malangizo omwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2012 okhudza malabotale a chifuwa chachikulu amati mpweya wa m'chipinda uzisinthidwa maulendo 6 mpaka 12 pa ola, ndipo uziyenda kuchokera kumalo oyera kupita kumalo omwe kuli zoyezedwa, kenako n'kutuluka kunja. Malangizowa amalola mpweya wachilengedwe, wolowa ndi kutuluka kudzera m'mawindo, pa ntchito zomwe chiopsezo chake n'chochepa, monga kuunika makhololo pa maikulosikopu. Koma komwe amamera tizilombo kuti atiunike bwino, pamafunika kabati yapadera yosefa mpweya komanso mafani okoka, ndipo apa sipoyenera kuumira.

Zipinda zina zimafunikadi kuziziritsidwa. Makina a GeneXpert, omwe zipatala zambiri za m'maboma zimayezera chifuwa chachikulu, adapangidwa kuti azigwira ntchito pamalo osatentha kupitirira madigiri 30, ndipo zoyezera zake zimasungidwa posapitirira madigiri 28. Mu Okutobala ndi Novembala chipinda chofoleredwa ndi malata chimatha kudutsa malire amenewa. Yankho ndi kuziziritsa kachipinda ka makinawo ndi mosungira zipangizo, osati nyumba yonse. Magetsi ofunika akakhala ochepa chotere, kumakhala kosavuta kuwapeza kuchokera kumphamvu ya dzuwa ndi mabatire.

Vuto lina ku Thyolo ndi chinyezi. M'nyengo ya mvula komanso ya chiperoni, mpweya umakhala wonyowa, zomwe zimachititsa chuku pamagalasi a maikulosikopu ndi kuwononga mankhwala a ufa. Kutsitsa kwambiri makina oziziritsa pofuna kuthana ndi chinyezi kumangowonjezera bilu. Kabati yotsekeka bwino yokhala ndi zoyamwa chinyezi, kapena kamakina koumitsa mpweya m'chipinda chimodzi, kamagwira ntchitoyi pamtengo wotsika.

Pankhani ya mafani, mafakitale a tiyi a m'bomali ali ndi phunziro. Masamba akathyoledwa m'minda monga ya Satemwa ndi Makandi, amayalidwa m'zikhwawa zazitali momwe mafani aakulu amawauzira mphepo kwa maola ambiri kuti afote. Ntchito imeneyi imadya gawo lalikulu la magetsi a fakitale ya tiyi. Akatswiri a zamakina amadziwa kuti liwiro la fani likachepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, magetsi omwe imadya amatsika pafupifupi ndi theka. Lamulo lomweli limagwira ntchito m'labotale. Fani yotha kusinthidwa liwiro imatha kuyenda pang'onopang'ono usiku ndi pamapeto a sabata pomwe mulibe anthu, m'malo mothamanga mofanana chaka chonse.

Khalidwe la ogwira ntchito nalo limathandiza. Kabati yokoka utsi wa mankhwala imakhala ndi galasi lokwera ndi kutsika. Komwe fani imasintha liwiro, kutsitsa galasilo ntchito ikatha kumachepetsa mpweya wotayidwa. Mafiliji ndi mafiriza amatulutsa kutentha kumbuyo kwake, choncho ndi bwino kuwaika m'chipinda chopita mphepo kusiyana ndi m'chipinda choziziritsidwa. Zosefera zodzadza fumbi zimalemetsa fani, motero ziyenera kutsukidwa kapena kusinthidwa panthawi yake.

Zambiri mwa izi zimatsimikizika nyumba isanamangidwe, pomwe akuluakulu a m'maunduna, m'makhonsolo ndi m'makomiti ogula katundu akukonza mapulani ndi zikalata zoitanira makontalakitala. Mtengo wogulira makina ndi gawo chabe. Bilu ya magetsi, dizilo ndi kukonzetsa zimalipiridwa chaka ndi chaka kuchokera kuthumba la boma. N'koyenera kuti zikalatazo zizifotokoza mpweya wofunika m'chipinda chilichonse, magetsi omwe makinawo adzadye pachaka, komwe zipangizo zosinthira zidzapezeke, ndi amene adzaphunzitse amisiri okonza.

Nyumba isanalandiridwe, kayendedwe ka mpweya kayenera kuyesedwa, ngakhale ndi utsi pang'ono pakhomo, kuti zioneke ngati ukulowera koyenera. Labotale ikhalenso ndi mita yakeyake ya magetsi, kuti oyang'anira azidziwa mwezi ndi mwezi komwe ndalama zikupita.