Gule amayambira kuphazi

Ng'oma ikalira ku Kaunda Square, ana amathamangira kukaona nthenga, zikopa ndi chiuno cha wovina. Kumapazi palibe amayang'anako, chonsecho nkhani yonse ili kumeneko.

Pitani ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata, Loweruka lomaliza la February, pamene Angoni a Mpezeni amachita Nc'wala. Ng'oma yawo ndi phazi. Amuna akaponda pamodzi, nthaka imagunda, manjerenjeza a m'miyendo n'kuyankha, amayi akuwomba m'manja. Wina akaphonya kapondedwe, khutu limamugwira diso lisanamuone.

Ku Mkaika, m'boma la Katete, Achewa akamalamba kwa Kalonga Gawa Undi mu August, kumatuluka makanja, chilombo cha Gule Wamkulu choyenda pa mitengo iwiri italiitali, mutu uli kumtunda kwa tsindwi. Za mmene mitengoyo imakhalira kumiyendo, akudziwa ndi akudambwe; ife tilekere pomwepa. Gule Wamkuluyu UNESCO inamulemekeza mu 2005.

Nkhani ya phazi si yakuno kokha. Kutali ku Kamchatka, m'dziko la Russia, kuli Akoryak, mtundu wa anthu osakwana 8,000 pa kalembera wa 2010. Kwawoko n'kwa chisanu choti phazi lopanda nsapato lingaume, ndiye amayi amasoka majombo a chikopa cha mphalapala ya kumeneko, ndipo ovinira amawakongoletsa ndi mikanda. Ukatha nyengo yosaka nyama za m'nyanja amachita chikondwerero cha Hololo. Waldemar Jochelson, amene anakhala nawo mu 1900 ndi 1901, anasonkhanitsa zovala zawo, ndipo zili m'nyumba yosungiramo zakale ku New York. Iwo luso analiika pa nsapato yooneka, makolo athu analiika pa phazi lomveka.

M'komboni zinthu zasintha. Bwalo ndi la miyala ndi magalasi a mabotolo osweka, choncho anyamata amavina atavala nsapato za pa salaula. Ine sindiwadzudzula, bala la galasi silidziwa mwambo. Chondiwawa n'chakuti ena akusiya manjerenjeza, ena akumanga tizitini ta timiyala tolira ngati mbale yong'ambika. Nsapato ya labala imameza kugunda kwa phazi, tsono manjerenjeza akachokanso, chotsala n'kudumphadumpha chabe.

Inu atsogoleri a magulu a zovina ku Kaunda Square, Mtendere ndi Kalingalinga, mukamatuma munthu kumudzi kukatenga zikopa ndi nthenga, muuzeni abwerenso ndi manjerenjeza achitsulo.