Nyumba ya Fox ku Atlanta

Lero tipita kutali, ku mzinda wa Atlanta m'dziko la America, kuti tikaone nyumba yaikulu ya masewero yochedwa Fox Theatre, imene iri pa msewu wa Peachtree.

Amene anayamba kumanga nyumbayi anali a bungwe la Shriners, ndipo anafuna malo ocitiramo misonkhano yao. Popeza bungweli linali kukonda mamangidwe a kwa Aluya ndi a ku Igupto, nyumbayo inapatsidwa madenga obulungira ndi zipilala zazitali zonga za pa mzikiti. Koma ndalama zinawacepera nchito isanathe. Motero anapangana ndi William Fox, mwini wa kampani ya baisikopo, kuti abwereke cipinda cacikulu azionetseramo zithunzi. Zitseko zinatsegulidwa pa tsiku la Khrisimasi m'caka ca 1929.

Tsopano tilowe mkati. Cipinda cacikulu ciri ndi mipando 4,665, ndipo amisiri anacikonza kuti munthu aziona ngati wakhala pabwalo la mfumu usiku. Denga lake ndi lobiriwira ngati thambo. M'dengamo muli tinyali tambiri tophethira ngati nyenyezi, ndipo makina ena amaonetsa mitambo ikuyenda pang'onopang'ono. Pamwamba pa mipando ya m'mwamba pali cinthu conga hema wa anthu a m'cipululu. Mukaciyang'ana mungati ndi nsalu, koma ndi pulasitala wolimba, ndipo nchito yake ndi kutumiza mau kwa anthu okhala kumbuyo kwenikweni. Mulinso limba lalikulu la mapaipi 3,622, limene anthu analipatsa dzina lakuti Mighty Mo.

Koma si onse amene anali kulowera pa khomo lokongola lija. Anthu akuda anali kugula matikiti pa zenera lao la m'mbali, nakwera masitepe akunja kukakhala ku mipando ya pamwamba penipeni. Tsankho limeneli linatha m'caka ca 1962. Agogo athu amene anali kugula nyama pa kazenera ka bucha m'masiku a Northern Rhodesia adziwa kuwawa kwake. Zenera lija ndi masitepe aja sanazicotse. Anazisiya kuti ana obadwa m'mbuyo azidziwa zimene zinacitika.

Patapita zaka, anthu ambiri anasamukira kunja kwa mzinda, ndipo wailesi ya kanema inalowa m'nyumba zao. Mipando ya Fox inayamba kukhala yopanda anthu. M'caka ca 1974 kampani ya matelefoni ya Southern Bell inafuna kugula malowo, kugumula nyumbayo ndi kumangapo maofesi ake.

Apa ndi pamene anthu a mu Atlanta anadzuka. Akulu ndi acinyamata anayenda m'misewu kupempha kuti nyumbayo isagwetsedwe, nasonkha ndalama, yense monga mwa mphamvu zake. Bungwe la Atlanta Landmarks linakongola ndalama ndi kugula nyumbayo, ndipo kampani ija inamanga maofesi ake pa malo ena oyandikana nayo. Mu 1976 boma la America linaika Fox m'gulu la nyumba zofunika pa mbiri ya dziko, ndipo mu 1978 ngongole yonse inabwezedwa. Mutu umodzi susenza denga.

Cinanso cimene cinapulumutsa nyumbayi ndi cakuti inapeza nchito yatsopano. Ikadadalira baisikopo yokha ikadagwanso. Masiku ano oimba, ovina ndi ocita masewero amaonekera maso ndi maso pamaso pa anthu, ndipo ndalama za matikiti zimathandiza kukonza makoma, mipando ndi denga la nyenyezi lija.

Aphunzitsi, mukatha kuwerenga nkhaniyi ndi ana, afunseni mafunso awa: Kodi hema wa pulasitala uja amagwira nchito yanji? Nanga masitepe akunja anawasungiranji? Ndipo inu ana, mukapita kunyumba, funsani akulu za nyumba yakale kwambiri ya kwanuko, kaya ndi chalichi, sitolo kapena sukulu. Anaimanga ndani, ndipo lero aisamalira ndani? Mudzauze anzanu m'kalasi zimene mwamva.

Tsalani bwino.