Musataye Kabati Yakale ya Kubafa

Kabati yathu yoikapo beseni kubafa inafika pomvetsa chisoni: utoto utasupuka, chitseko chitafufuma ndi chinyezi. Tinatsala pang'ono kuiwaza nkhuni, chikhalirecho ndalama zogulira ina tinalibe.

Titapala ndi sandipepala, tinadabwa kupeza kuti kunsi kwa utotowo kunali mlombwa, mtengo umene chiswe sichiulowa wamba. Utoto sitinapakenso ayi. Tinapaka vanishi katatu, kudikira kuti aume tisanabwereze, makamaka pamwamba pamene madzi amadikha. Chitseko chowolacho chinali cha pulayiwudi. Tinachichotsa, ndipo m'felemu mwake tinakhomamo bango la kunyanja konkuno, lodula mofanana. Tsopano mpweya ukulowa, fungo la chuku linatha.

Miyendo tinaikhazika pa njerwa, pakuti kuwola kumayambira pansi ponyowapo.