Nyumba zakale za m'tauni sizigwa ndi ukalamba

Mukamadutsa m'tauni ya Limbe, kwezani maso mupitirire zikwangwani za masitolo. Nyumba zambiri zakale kumeneko anazimanga kuti pansi pazichitika malonda, pamwamba kapena kuseri pazigona banja la mwini sitolo. Ife mainjiniya a zomangamanga timaitanidwa ku nyumba zotere khoma likachita mng'alu, ndipo funso limakhala limodzi: "Bwana, kodi yakalamba?"

Kawirikawiri yankho langa ndi lakuti ayi. Mandala House mu Blantyre inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, koma ikadali chiimire, m'mwamba mwake mukusungidwa mabuku a Society of Malawi. Zaka pazokha sizigwetsa nyumba. Chimene chimaivulaza ndi kuisenzetsa ntchito imene sanaimangire.

Nayi nkhani ya kulemera. Chipinda cham'mwamba chogonamo anthu timachiwerengera makilogalamu pafupifupi 150 pa malo otalika mita imodzi mbali zonse. Amenewo ndi matumba atatu okha a simenti. Tsono banja likasamukira ku Namiwawa, mwini nyumba amabwereketsa zipindazo kwa wogulitsa kaunjika, mabelo n'kuunjikidwa mpaka kudenga. Mitanda ya matabwa imayamba kupindika pang'onopang'ono, ndipo ngati chiswe chinalowamo kale, zinthu zimafulumira.

Pansi napo pali zake. Wamalonda amafuna sitolo yotakasuka, ndiye amaitana mmisiri kuti agwetse khoma lapakati. Mng'alu suonekera tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anthu amanditsutsa ndikawachenjeza. Koma m'nyumba zakale khoma lapakati nthawi zambiri ndilo limanyamula zonse zam'mwamba. Likhoza kuchotsedwa ndithu, bola payambe paikidwa mtanda wachitsulo wowerengeredwa bwino, ndipo pulani yake idutse kukhonsolo.

China chimene chimandiwawa ndi pulasitala. Njerwa zakale ankazimanga ndi dothi kapena laimu, zomwe zimalola chinyezi kutuluka. Mukamata simenti yolimba pamwamba pake, madzi amatsekeredwa mkati, njerwa n'kumafumbutuka kuseri kwa penti wonyezimira. Ndikafika pamalo, ndisanayang'ane mng'alu womwe andiitanira, ndimayamba ndaona kaye malata ndi mipaipi yotsitsa madzi amvula.

Za moto ndinene mwachidule. Ngati pansi akugulitsa penti, matilesi kapena akukazinga tchipisi, anthu ogona m'mwamba ayenera kukhala ndi masitepe awoawo otulukira panja, osadzera m'sitolo. Ndaonapo nyumba imene khomo lokhalo lotulukira linali chitseko chachitsulo cha shopu, chomwe usiku chimakhomedwa ndi maloko kunja. Mu lipoti langa nkhani ya khomolo ndinailemba patsamba loyamba, ya mng'alu inabwera pambuyo.