Mafilimu oopsa akale: ena anazizira, ena akuopsabe ku Kafue

Mafilimu oopsa anafika kwa anthu ambiri a ku Kafue kudzera m'tinyumba toonetsera mavidiyo. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, monga zinalili m'matauni ena a Zambia, munthu wokhala ndi TV ndi makina a tepi ankatchinga zenera ndi nsalu yakuda, kuika mabenchi, n'kumalipiritsa pakhomo. M'malo otere ndi mmene munkadziwikira mafilimu ngati The Evil Dead ya 1981, A Nightmare on Elm Street ya 1984, ndi Child's Play ya 1988, ya chidole chakupha anthu chija, Chucky. Ana ankatulukamo akugwirana malaya, aliyense akukana kuyenda kumbuyo.

Mnyamata wa lero wa ku Shikoswe kapena ku Kafue Estates akaonera mafilimu omwewo pa foni dzuwa likuswa mtengo, nthawi zambiri amangoseka. Magazi akuoneka kuti ndi utoto, nkhope za ziwanda n'zamphira. Filimu imene inkadalira zodzoladzola ndi zidule za kamera yakalamba limodzi ndi zidulezo, ndipo palibe chifukwa choikakamira.

Akale kwambiri ali ndi vuto lina. Nosferatu ya 1922 ilibe mawu, ndipo Dracula ya 1931, mmene munasewera Bela Lugosi, imayenda pang'onopang'ono. Koma chachikulu n'chakuti mzungu wovala mkanjo wakuda, wogona m'bokosi la maliro m'nyumba yachifumu ku Transylvania, ndi mlendo kuno. Opopa magazi amene anthu a chigawo chino amawaopa ndi ena. M'zaka za m'ma 1930, ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero) kunafala mphekesera za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo n'kuwachotsa magazi potumidwa ndi azungu. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo ku Malawi. Dracula sangafike pamenepo.

Amene sanazizire ndi mafilimu okhudza mantha omwe woonera ali nawo kale asanakhale pansi. The Exorcist ya 1973, ya William Friedkin, ndi nkhani ya mtsikana wogwidwa chiwanda ndi ansembe awiri olimbana nacho. M'dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza mu 1991 kuti ndi lachikhristu, kumene mapemphero otulutsa ziwanda amamveka usiku wonse m'makomboni, filimuyi siioneka ngati nthano. Mutu wa mtsikanayo ukamazungulira, wina akhoza kuseka. Mawu onga a mwamuna akamatuluka m'kamwa mwa mwana, chipinda chimati zii.

Mafilimu a ku Nigeria ndiwo umboni woposa. Living in Bondage ya 1992 inajambulidwa pa tepi wamba, zithunzi zake n'zosaoneka bwino, phokoso lake n'lokanda m'makutu. Komabe nkhani ya Andy, amene anapereka mkazi wake Merit nsembe kuti alemere, kenako mzimu wa mkaziyo n'kumamutsatira mpaka kupenga, imagwirabe mtima. Ku Kafue nkhani zotere zinapeza nthaka yachonde. Tauniyi inakula chifukwa cha mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles, ndipo atayamba kufooka m'zaka za m'ma 1990, mabanja ambiri anatsala opanda ntchito. Pamalo potere, munthu akalemera mwadzidzidzi anthu amanong'onezana kuti wakhwima, ndipo maliro akagwa pabanja pake amawerengera zala. Karishika, ya mkazi wotumidwa ndi Satana kudzasocheretsa anthu, ndi Nneka the Pretty Serpent ya 1994 zimayenda m'njira yomweyo. Mphezi zotuluka m'maso mwa asing'anga n'zoseketsa lero, koma nkhani zake zinakhalabe zamoyo moti Living in Bondage inapitirizidwa mu 2019, ndipo Nneka inajambulidwanso mu 2020.

Mphamvu imeneyi ili ndi mbali yowawa. End of the Wicked ya 1999, ya mlaliki Helen Ukpabio, inaonetsa ana akutuluka usiku kukadya nyama ya anthu, ndipo omenyera ufulu wa ana anaidzudzula kuti inakolezera mchitidwe wonamizira ana ufiti ku Nigeria. Ku Zambia, Rungano Nyoni anaitembenuza nkhaniyi mu I Am Not a Witch ya 2017, imene inapata mphoto ya BAFTA chaka chotsatira. M'filimu imeneyo mulibe chiwanda ngakhale chimodzi. Choopsa ndi khamu la akuluakulu lomwe laloza chala kamtsikana kamasiye, Shula, n'kukatumiza kumsasa wa mfiti atakamangirira nsalu yaitali kumsana kuti kasauluke.