Cifukwa Cace Sitima Imadikira Inzace

Lero tikambe za cimene cimaimitsa sitima pakati pa thengo, apaulendo nangodikira osadziwa cifukwa cace.

Sitima siingapatuke monga galimoto, ndiponso siingaime msanga. Cotero lamulo lalikuru la pa njanje ndi ili: masitima awiri asakhale m'cigawo cimodzi nthawi imodzi. Njira zosungira lamuloli n'zosiyana.

Kale ku Britain anali kungowerenga mphindi: sitima ikanyamuka, inzace inkatsata itapita nthawi yoikika, ngakhale yoyambayo itafera panjira. Ngozi ya ku Armagh m'caka ca 1889 itapha anthu 80, boma linalamula kuti njanje zonyamula anthu zigawidwe m'zigawo.

Pa njanje ya mzere umodzi panadza kacitsulo ka cilolezo, kamene Edward Tyer anakonza mu 1878. Woyendetsa sanyamuka wopanda kacitsuloko m'manja, ndipo makina salola kena kuturuka kufikira koyambako katabwezedwa. Njirayi njokhulupirika, koma njocedwetsa. Tiyerekeze cigawo ca mamailosi 20, sitima niyenda mamailosi 20 pa ora: pa tsiku sipangapite masitima oposa 24. Mukaika popatukirana pakati, ciwerengeroco cingawirikize kawiri, koma pafunikanso anchito ena ndi nyumba zao.

Mu 1927, ku Ohio m'dziko la America, anayamba njira yochedwa CTC. Munthu mmodzi amaona pa bolodi la nyali pamene pali sitima iriyonse, natembenuza mphambano ndi zizindikiro ali kutali. Sitima ina ikacedwa, iye amasintha malo okomanirana, kuti inzace isaime cabe. A Rhodesia Railways anaitenga njirayi m'zaka za m'ma 1950, pamene malasha a ku Wankie ndi mkuwa wa kumpoto zinacurukira njanje yao. Kuipa kwace nkwakuti waya akaduka kapena kubedwa, mtunda wautali umakhala wopanda maso.

Masiku ano njanje zina za m'mizinda, monga ku London, ziribe zigawo zokhazikika. Kompyuta imayesa mpata wofunika pakati pa masitima monga mwa liwiro lao, motero amatsatana pafupi.

Komabe dziwani ici: njira iriyonse, mukadzaza njanje kufikira pakamwa, kucedwa kwa sitima imodzi kumagwera zonse zotsatira. Okonza ndandanda anzeru amasiya mipata, pakuti mpatawo ndiwo umameza kucedwa. Tsalani bwino.