Mapulanga adula, nyumba zaima zopanda mtenje

Mukakwela basi yopita ku Chalala, ku Silverest kapena ku Ten Miles, ponyani maso pa windo. Mudzaona nyumba zambili zimene zipupa zinatha kale, koma mtenje palibe. Eni ake ambili anakwanitsa mabuloko na simenti, koma pofika pa mapulanga thumba linakana.

Pa msika wa Buseko, pafupi na Lumumba Road, mapulanga ambili a paini amacokela ku Copperbelt. Kumeneko ndiye kuli minda ikulu-ikulu ya mitengo ya ZAFFICO, kampani imene likulu lake lili ku Ndola. Vuto yoyamba ili pamenepo. Paini imafuna zaka pafupifupi 25 kuti ikhwime bwino. Pulanga imene mugula lelo inacokela ku mtengo umene unabyalidwa ambili a ise tikali makanda. Ngati zaka zija anabyala pang'ono, lelo sitingacite ciliconse kuti mitengo ikule msanga.

Koma anthu sayembekeza mitengo. Kalembela wa 2010 anapeza anthu 13.1 miliyoni m'dziko muno, ndipo wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Onsewa afuna pogona. Kuonjezela apo, kucokela pamene maphunzilo aulele anayamba mu 2022, masukulu afuna madesiki ambili, ndipo ndalama za CDF zikumanga makalasi na makiliniki. Munthu womanga kanyumba ka zipinda ziwili manje apikisana na makontilakita pa pulanga imodzi-modziyo.

Nanga anchito? Ofuna nchito ni ambili, zoona, koma odziwa nchito ni ocepa. Woyendetsa makina oceka mitengo, wonola masowo, na kalipentala wodziwa kukhoma mtenje wosapindika sapezeka pa kona iliyonse. Amene alipo amaitanidwa uku na uku, ndiye naonso amakweza malipilo. Mukathamangila wochipa amene aphunzilila pa nyumba yanu, adzadula molakwika, ndipo mudzabwelela ku Buseko kukagulanso.

Ndiye pali ulendo. Kucoka ku Ndola kufika mu Lusaka ni makilomita opitilila 300, dizilo na matolo geti zonse zilowa mu mtengo wa pulanga. Cilala ca 2024 cinaonjezela mavuto: madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambili pa tsiku, ndipo oceka mapulanga anali kuimitsa makina kapena kuyatsa jenereta.

Mwina mukuti, ine sindimanga, nkhaniyi siinikhudza. Ikukhudzani. Nyumba zikacedwa kutha, za renti zimacepa, ndipo alandilodi sacedwa kukweza. Ngakhale bedi, sofa na citseko ca pa msika zonse zimatsatila mtengo wa pulanga.

Kwa amene muli pakati pa kumanga, tengani kalipentala wanu pokagula, apime yekha, cifukwa pulanga ina imachedwa 2 by 6 koma ni yoonda. Pewani mapulanga aawisi. Amalema, ndipo akauma amapindika pamodzi na malata. Pakani mankhwala a ciswe musanakhome. Ndipo ngati muli na kamunda kumudzi, byalani paini mvula ikayamba. Inu simudzaidula, koma mwana wanu sadzafika pa Buseko atagwila mutu.